Thundu wa M'mabuku ndi Msolo wa ku Kazuni

Munthu wochokera ku Rumphi kupita ku Kazuni amadutsa minda ya fodya ndi ya chimanga kufikira atafika pa chipata cha nkhalango yotetezedwa ya Vwaza. Pamenepo pali nyanja yaing'ono ya Kazuni, momwe mvuu zimasambira ndipo njovu zimadzamwamo madzi dzuwa likapendeka. Mwana wokulira m'dera limeneli amadziwa mitengo asanadziwe kuwerenga. Amadziwa kuti mtengo wa tsanya ndi wolimba ndipo chiswe chimaulephera, kuti mombo umapereka luzi, kuti masuku amapsa mvula ikamayamba, ndiponso kuti patsinde pa msolo wina, umene m'Chitumbuka amati msoro, agogo ake sankapondapo mwachisawawa.

Mwana yemweyo akafika ku sekondale angathe kukumana ndi buku lonena za mitengo yopatulika ya anthu a ku Ulaya otchedwa Celts, amene muno atchulidwa kuti Akeliti. Mabuku otere alipo ambiri ndipo ndi okopa maso. Amati kwa Akeliti mtengo uliwonse unali ndi tanthauzo lake, chilembo chake ndi mwezi wake, kotero kuti munthu angathe kudziwa mtengo wake poyang'ana tsiku lobadwa. Wophunzira wa ku Kazuni akawerenga zimenezi angachite kaduka, n'kumaganiza kuti makolo a azungu anali ndi nzeru zadongosolo pomwe makolo ake ankangothira ufa pansi. Asanafike pa maganizo amenewo, pali funso limene ayenera kulifunsa buku lililonse lonena za chipembedzo cha anthu akale: kodi wolembayu anazimva kwa yani?

Akeliti anali mitundu ya anthu olankhula zinenero zapachibale, amene ankakhala m'madera amene lero ndi France, Britain ndi Ireland, komanso kwina. Ansembe awo ankatchedwa druid. Julius Caesar, mkulu wa nkhondo wa Aroma amene anagonjetsa dziko la Gaul pakati pa zaka za 58 ndi 50 Yesu asanabadwe, analemba kuti ansembewa ankaloweza ziphunzitso zawo pamtima, ena mpaka zaka 20, ndipo ankati n'kulakwa kuzilemba. Apa ndiye pagona vuto lonse. Palibe buku ngakhale limodzi lolembedwa ndi wansembe wa Akeliti lofotokoza chimene iye ankakhulupirira pa mitengo. Zonse zimene zilipo zinadzera m'manja mwa alendo, adani, kapena anthu obadwa zaka mazana ambiri ansembewo atatha.

Mlendo woyamba ndi Pliny, Mroma amene anamwalira m'chaka cha 79. M'buku lake la Natural History anafotokoza mwambo umene mabuku onse a masiku ano amaubwereza. Akuti ansembewo ankalemekeza mtengo wa thundu, makamaka ngati panthambi zake pamera chomera chodalira mitengo inzake chotchedwa mistletoe. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi la mwezi, wansembe wovala zoyera ankakwera mumtengomo n'kudula chomeracho ndi chikwakwa chagolide, anzake pansi n'kuchiwakha m'nsalu yoyera, kenaka n'kupha ng'ombe zamphongo ziwiri zoyera. Chithunzi chimenechi n'chokongola ndithu. Komatu mboni yake ndi Pliny yekha, palibe umboni woti anaona ndi maso ake, ndipo ankalemba pa nthawi imene mafumu a Aroma anali ataletsa kale ansembewo. Cha m'ma 60, asilikali a Aroma anagwetsa nkhalango zopatulika za pa chilumba cha Anglesey. Munthu wa mtundu wogwetsa nkhalangowo ndiye amene akuuza dziko lonse zimene zinkachitika m'nkhalangomo. Golide nayenso ndi wofewa, sadula nthambi mosavuta, koma zimenezo n'zazing'ono.

Buku limene lasocheretsa anthu ambiri ndi The White Goddess la Robert Graves, limene linatuluka m'chaka cha 1948. Graves anali mlakatuli waluso wa ku England, ndipo luso lakelo ndilo lachititsa kuti bukuli likhale lovuta kulikana. Iye anatenga zilembo zakale za ku Ireland zotchedwa ogham, zimene ndi timizere tozokotedwa m'mphepete mwa miyala, n'kunena kuti zinali kalendala yachinsinsi ya mitengo. Anagawa chaka m'miyezi 13 ya masiku 28, kuphatikiza tsiku limodzi lotsala, n'kupatsa mwezi uliwonse mtengo wake. Mwezi woyamba anauyambitsa pa 24 Disembala, ndipo mtengo wa thundu anaupatsa masiku ochokera pa 10 Juni kufika pa 7 Julayi. Makalendala ambiri a mitengo amene amasindikizidwa lero m'timabuku tolosera khalidwe la munthu anachokera pamenepa.

Munthu akayamba kufufuza maziko a nyumba imeneyi amapeza mchenga. Zilembo zoyambirira za ogham ndi 20, osati 13. Graves anatenga 13 kukhala miyezi, zisanu kukhala nyengo za chaka, ndipo ziwiri zotsala anazikakamiza kugawana miyezi ndi zinzake, monga mmene mwana amachitira ndi samu yomukanika. Miyala ya ogham imene yapezeka, pafupifupi 400, ilibe mawu a kalendala kapena a pemphero. Yambiri imangotchula dzina la munthu ndi la atate ake kapena la fuko lake. Ndi zoona kuti alembi a ku Ireland a zaka za m'tsogolo mwake anafotokoza mayina a zilembozi ngati mayina a mitengo, koma katswiri wa chinenerocho, Damian McManus, anasonyeza m'buku lake la 1991 lotchedwa A Guide to Ogam kuti mayina amene alidi a mitengo sakwana ndi theka lomwe. Chilembo chotchedwa gort chimatanthauza munda. Chotchedwa muin chimatanthauza khosi, koma Graves anachisandutsa mpesa, chomera chimene si cha ku Ireland n'komwe. Komanso kalendala yeniyeni ya Akeliti ilipo. Inafukulidwa ku Coligny m'dziko la France m'chaka cha 1897, yozokotedwa pa mkuwa, ndipo miyezi yake ndi ya masiku 29 kapena 30, yopanda mndandanda wa mitengo.

Chodabwitsa n'chakuti Graves anachenjezedwa. Iye mwini akuvomera m'bukumo kuti atafunsa R.A.S. Macalister, katswiri wa ogham wa nthawi imeneyo, anamuuza kuti asadalire mndandanda wa zilembo za mitengo umene anautenga m'buku la Roderic O'Flaherty la 1685. Graves anamva, koma anapitirira. Agogo ake enieni, Charles Graves, anali m'gulu la akatswiri oyamba kufufuza miyala ya ogham mosamala, choncho mdzukuluyu sangati analibe womulangiza. Wowerenga wachilungamo sangakane kuti bukuli lili ndi mphamvu. Ziganizo zake zimayenda ngati madzi a mumtsinje wodzaza, ndipo alakatuli ambiri anatungamo. Likawerengedwa ngati ndakatulo yaitali ya munthu mmodzi, ndi buku labwino. Likawerengedwa ngati mbiri ya chipembedzo cha Akeliti, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi ndiye kuti Akeliti analibe mitengo yopatulika? Anali nayo ndithu, ndipo umboni wake uli m'mabuku osakopa maso. A ku Ireland atalandira Chikhristu anayamba kulemba malamulo awo akale. Limodzi mwa malamulowo, lolembedwa cha m'zaka za m'ma 700, likunena za kukhalirana kwa anthu oyandikana minda, ndipo m'menemo muli mndandanda wa mitengo ndi zitsamba 28 zogawidwa m'magulu anayi. Gulu loyamba, la mitengo isanu ndi iwiri, linkatchedwa mafumu a m'nkhalango. Munthu wowononga mtengo wa m'gulu limeneli m'dera la mnzake ankalipa ng'ombe ziwiri zamkaka ndi nthanthi ya zaka zitatu. Chifukwa chimene mitengoyi inakwezedwera chalembedwa poyera: thundu chifukwa cha zipatso zake zonenepetsa nkhumba ndi matabwa ake, wina chifukwa cha mtedza ndi ndodo zolukira, wina chifukwa cha mipini ya mikondo, wina chifukwa cha utomoni. Mulibe chinsinsi m'lamuloli, koma muli anthu enieni, ng'ombe zenizeni ndi milandu yeniyeni. Mwana wa ku Kazuni amene anaonapo nyakwawa ikuweruza mlandu wa munthu wodula mtengo wa kumanda angalimvetse lamuloli msanga kuposa mmene angamvere Graves.

Mabuku a mbiri ya chaka ndi chaka amene amonke a ku Ireland ankalemba akuwonjezerapo kena. Fuko lililonse lalikulu linali ndi mtengo wake umodzi, wotchedwa bile, pomwe ankalongera mafumu. Pafupi ndi chaka cha 982, mfumu Máel Sechnaill inathira nkhondo anthu a Brian Boru n'kukazula mtengo wawo wa ku Magh Adhair ndi mizu yomwe. Sinazule mitengo yonse ya mtundu umenewo, inazula umodzi wokhawo, chifukwa inkadziwa kuti ulemu wa fukolo wagona pamenepo. Mfundo imeneyi ndi yaikulu. Kupatulika sikunali m'dzina la mtengo monga mmene timabuku tamakono timanenera. Kunali pa mtengo wakutiwakuti, pa malo akutiakuti, chifukwa cha zimene anthu akutiakuti ankachita patsinde pake. Ngakhale Chikhristu chitafika, mayina a malo anasunga chikumbutsocho. Dzina lakuti Kildare limatanthauza tchalitchi cha pa thundu, ndipo Derry ndi nkhalango ya thundu.

Tsono nkhani ya mitengo ya ku Nkhamanga, chigwa chimene chayandikana ndi Kazuni, inayenda njira yomweyo. Atumbuka akale sankalemba. Mwambo wa nsembe unkasungidwa m'mitu mwa akuluakulu. Pakagwa chilala, matenda kapena tsoka pa ulenje, mkulu wa banja kapena wa mudzi ankatsogolera anthu ku msolo wosankhidwa. Ankalambula patsinde, nthawi zina n'kumangapo kanyumba kakang'ono kotchedwa kavuwa, kamene Achewa amati kachisi. Ankathira ufa kapena mowa, kuomba m'manja ndi kutchula mayina a makolo kuti awapepesere kwa Chiuta. Mwambo wa pa msolo si wa Atumbuka okha, Achewa ndi Ayao nawonso amaudziwa. Koma misolo ili mbwee m'tchire, ndipo si yonse imene inkathiridwa ufa. Monga bile wa ku Ireland, wopatulika unali uja umene mudzi unausankha.

Angoni a M'mbelwa atafika kumpoto cha m'ma 1855, ufumu wa Chikulamayembe unapasuka, anthu anabalalika, ndipo malo ambiri a nsembe anasiyidwa. Patapita zaka anafika amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland, amene anakhazikitsa likulu lawo ku Khondowe m'chaka cha 1894. Iwowa ndiwo anayamba kulemba za chipembedzo cha Atumbuka, chipembedzo chimene anachipeza chitavulala kale ndipo iwo anadzera kudzachilowa m'malo. N'zoseketsa pang'ono kuti dziko lawo la Scotland ndi limodzi mwa mayiko a Akeliti, ndipo Columba, amene anakhazikitsa mishoni pa chilumba cha Iona m'chaka cha 563, amakumbukiridwa pamodzi ndi nkhalango ya thundu ya ku Derry. Zidzukulu za anthu omanga matchalitchi pafupi ndi thundu zinadzaphunzitsa Atumbuka kuleka kupita ku msolo.

Donald Fraser anafika m'chaka cha 1896 ndipo anatumikira nthawi yaitali ku Embangweni. Buku lake la 1914, Winning a Primitive People, limadziulula lokha pa mutu wake, chifukwa anthu amene akuwafotokoza akuwatcha osatukuka oyenera kukopedwa. Komabe sichingakhale chilungamo kumuyerekeza ndi Pliny mwachindunji. Fraser ankalankhula chinenero cha anthuwo, ankagona m'midzi yawo, ndipo zambiri zimene analemba anazimva kwa eni ake. Anasungako nkhani za mizimu ikuluikulu ya m'mapiri, monga Chikang'ombe wa m'boma la Rumphi, mzimu umene ankati umaoneka ngati chinjoka ndipo umayenda ndi mphepo yamkuntho. Kufooka kwa bukuli kuli pa cholinga chake. Linalembedwera Akhristu a ku Scotland amene ankapereka ndalama za mishoni, choncho mwambo uliwonse ukuonetsedwa ngati mdima woyembekeza kuwala. Wowerenga amamva kuti nsembe inkaperekedwa, koma samva kawirikawiri liwu la munthu woperekayo akufotokoza chifukwa chake.

T. Cullen Young, amene anafika ku Livingstonia m'chaka cha 1904, anali wofatsa kuposa apo. Mabuku ake awiri, la miyambo ya Atumbuka ndi Akamanga la 1931 ndi la mbiri yawo la 1932, akusonyeza munthu amene ankakhala pansi n'kumvetsera. Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti popanda kalumo ka Young zambiri zikanatayika. Koma nayenso anali ndi omuuza. Pa mbiri anadalira kwambiri zolemba za Saulos Nyirenda, mphunzitsi wophunzira ku mishoni, amene anali m'gulu la anthu olimbikitsa ufumu wa Chikulamayembe umene unabwezeretsedwa m'chaka cha 1907. Katswiri wa mbiri Leroy Vail anasonyeza m'chaka cha 1972 kuti chifukwa cha zimenezi mphamvu ndi malire a ufumuwo zinakulitsidwa m'mabuku kuposa mmene zinalili. M'nkhani ina, yosindikizidwa m'chaka cha 1979 m'buku la Guardians of the Land lokonzedwa ndi J.M. Schoffeleers, Vail anasonyezanso kuti chipembedzo chakale cha Atumbuka ndi cha Achewa chinali chofanana kwambiri, makamaka pa mzimu wa njoka wopatsa mvula. Palibe amene akuti Young ananama. Mfundo ndi yakuti buku lolembedwa mokhulupirika nalonso limanyamula zofuna za amene anauza wolembayo.

Ngozi imene ili pafupi tsopano si ya amishoni ayi, ndi ya mwana wa dziko lino amene angasirire Graves. N'kosavuta kukhala pa tebulo n'kulemba kuti msolo ndi mtengo wa mtendere, kachere ndi wa umodzi, mlambe ndi wa nzeru, mkuyu ndi wa kubala, n'kuigawira miyezi kuyambira Januwale. Buku lotere lingakomere alendo odzaona nyama, ndipo pakapita zaka 50 ana asukulu angamaliloweze ngati mwambo wa makolo. Kunena kuti kachere ndi chizindikiro cha umodzi n'kosiyana ndi kunena kuti pansi pa kachere wa m'mudzi wakuti ndi pomwe ankaweruzira milandu, ndipo amayi ankakhala mbali iyi, abambo mbali iyo. Chiganizo choyamba palibe angachitsutse kapena kuchitsimikiza. Chachiwiri munthu angathe kupita kukafunsa. Pa chifukwa chimenechi buku losanyada ngati Useful Plants of Nyasaland la Jessie Williamson, la 1955, limene limangotchula dzina la chomera m'zinenero za m'dziko muno ndi ntchito yake, lili pafupi ndi lamulo lija la ku Ireland, ndipo limakhalitsa. River of Blood la Schoffeleers, la 1992, lonena za kachisi wa Mbona m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, ndi lamphamvu chifukwa wolembayo anaika nthano zosiyanasiyana za Mbona monga mmene anthu anazinenera, n'kusonyeza mmene kusiyana kwake kukutsatira mbali imene wonenayo ali, m'malo mozisakaniza kukhala nthano imodzi yosalala.

Ku Kazuni nkhaniyi si ya m'kalasi mokha. Boma litakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Vwaza m'chaka cha 1977, dera la makilomita pafupifupi 1,000 m'bwalo lake, midzi imene inali m'katimo inasamutsidwa. Anthu ananyamula mbuzi, mitondo ndi mbewu, koma manda ndi mitengo ya nsembe sizinyamulika. Mabuku ofotokoza za Vwaza amawerenga njovu, njati ndi mbalame, ndipo amatchula msolo ndi dzina lake lalitali la sayansi, Pseudolachnostylis maprouneifolia. Ntchito imeneyo ndi yofunika, koma siyankha mafunso ena. Kodi msolo wa mudzi wakuti unali pati? Ankathira ufa ndani, mwamuna kapena mkazi, wa fuko liti? Ndani sankaloledwa kufikapo? Wodula nthambi ankalipa chiyani, nkhuku kapena mbuzi? Anthu atasamuka, kodi anasankha msolo wina kumalo atsopano kapena analekeratu? Mayankho a mafunso amenewa sangafanane mudzi ndi mudzi, ndipo wolemba amene adzawapeze akusiyana asadzachite manyazi kapena kuwakonza kuti agwirizane. Alembe dzina la mudzi, chaka, ndi kuti wonenayo anaona yekha kapena anauzidwa.

Mnyamata kapena mtsikana amene anali ndi zaka 20 pa nthawi ya kusamukako tsopano akuyandikira zaka 70. Ambiri mwa iwo ndi akuluakulu a mpingo, ndipo ena sangafune kukamba za nsembe pamaso pa anthu, koma mdzukulu wofunsa mwaulemu madzulo pakhonde angauzidwe zimene mlendo sangauzidwe. Mtengo wa ku Magh Adhair unazulidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, komabe malo ake, eni ake ndi dzina la wouzula zikudziwika chifukwa mmonke wina anazilemba m'mizere yowerengeka. M'kati mwa Vwaza misolo ikadali chilili. Nyengo yadzuwa masamba ake amafiira asanayoyoke, ndipo agwape amadza kudzatola zipatso patsinde. Amene angaloze kuti mwa misolo yonseyo wa mudzi wawo unali uwu akukhala kunja kwa malire a nkhalangoyo, m'midzi ya m'mphepete mwa msewu wa ku Rumphi.